Tidikire Madzi Afunde

Ife a kumapiri kuno madzi timawadziwira mu ndowa. Timatunga pamjigo, kusenza, kutereka pamoto, kupisamo chala, basi tadziwa ngati afunda kapena ayi. Madzi oti munthu n'kulowamo thupi lonse mpaka kusowa timangowamvera kwa anzathu a kunyanja. Ine Veronika ndafika pomera imvi ndisanalowepo m'madzi opitirira akakolo, ndipo sindinkaonapo vuto kufikira mwana wanga Jenifa atakwatiwa ku Chipoka.

Mwamuna wake, Ackim, amakonza mainjini a maboti. Nyumba yawo ili pafupi ndi nyanja moti ukakhala pakhonde mafunde amamveka ngati wina akupeta chimanga tsiku lonse. Mwana wawo woyamba, Tamandani, ali ndi zaka zitatu, ndipo miyendo yake sidziwa kukhala pansi. Pa Pasaka ndinapita kukawaona. Tsiku lina m'mawa Jenifa anandisiyira mwanayo iye n'kupita kumsika. Tinakhala pamchenga bwinobwino, mwana akusewera ndi botolo lapulasitiki. Kamphepo kanalanda botolo lija n'kuliponya m'madzi, mwana naye liwiro kulitsatira. Funde linamugwetsa, lina n'kumukwirira.

Ndinadzambatuka. Ndinathamanga mpaka pamene mchenga wayambira kunyowa, ndipo pomwepo miyendo inakana. Kukuwa ndinakuwa, poti kukuwa ndiye ndimatha, koma phazi silinasunthe. Amene anabwera ndi mayi ake a Ackim, asewere anga, omwe ankatsuka mbale chapafupi. Analowa ndi chitenje chawo chomwecho, n'kumuzula mwana ndi dzanja limodzi ngati chinangwa, kumusisita kumsana, mwana n'kuyamba kulira. Sanandinyoze. Anangoti, "Musadandaule asewere, ana a kuno amayamba kumwa nyanja asanayambe phala." Bola akanandilalatira.

Mu Juni Jenifa anaimba foni. Anali woyembekezera, ndipo kusikelo anamuuza kuti adzachira mu Novembala. Kwathu kuno mwana wamkazi akamachira, amene amakhala pambali pake ndi mayi ake omubala. Tamandani ndinamusambitsa ndine tsiku loyamba, ndipo ndine ndinamutulutsa m'chikuta. Choncho Jenifa akuyankhula, ine m'mutu ndinali nditayamba kale kumanga katundu: ufa, nyemba, kachewere wa m'dimba mwathu.

"Amayi," anatero Jenifa, mawu akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira, "ulendo uno mwina musavutike. Ine ndikakhala ndi kakhanda m'manja, pafunika munthu woti azimuyang'anira Tamandani. Mukumudziwa mmene amathamangira kumadzi. Apongozi anga akuti akhoza kudzakhala nafe."

"Chabwino mwanawe," ndinayankha.

Sichinali chabwino. Ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe n'kulira ngati kamtsikana. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mwanayo sananame, poti ndine ndemwe ndinaima pamchenga paja ngati chitsa. Tsono mdzukulu wanga abadwe, asambitsidwe ndi manja ena, atuluke m'chikuta ine ndili kuno ndikukumba kachewere? Zimenezo mtima wanga unakana.

Amuna anga, a Vinsenti, ndi munthu wabwino. Samwa, samenya, ndipo ndikadwala amasenza okha ndowa osasamala kuti anzawo awaseka. Vuto lawo ndi limodzi: nkhani zawo zimakula chaka ndi chaka ngati dzungu la pachulu. Yaikulu pa zonse ndi ya mtsinje wa Linthipe. Amati ali mnyamata, akuweta ng'ombe za amalume awo, ankawoloka mtsinjewo chosambira, ndodo atailuma kukamwa. Pamene ankandifunsira, mtsinje wa m'nkhaniyo unali wodzaza pang'ono chabe. Masiku ano akamaifotokoza pabawo mumakhala ng'ona ziwiri.

Ndinawapeza pakhonde akusoka thumba la chimanga.

"Bambo a Jenifa, mundiphunzitse kusambira."

Singano inaima. "Mwati chiyani, mayi?"

"Mwamva. Pofika Novembala ndikhale munthu woti mwana akagwera m'madzi ndilowa n'kumutulutsa. Ndikatero ndimuimbira Jenifa, ndimuuze kuti amayi ake akubwera."

"Pa msinkhu wanuwu?"

"Msinkhu wanga watani? Kodi si inu katswiri wa ku Linthipe? Kapena luso lija linapita ndi ng'ombe za amalume?"

Anatsokomola pang'ono, n'kunena kuti luso lotero limakhala m'magazi. Anavomera, koma maso awo anali pathumba.

Kumunsi kwa mudzi wathu, kuseri kwa Chimbiya, kuli damu limene a ulimi wothirira anatseka pakhwawa zaka zapitazo. Kumtunda kwake n'kosaya, kumene ng'ombe zimamwera. Kumunsi kuli chikhoma cha dothi chowaka miyala, ndipo kumeneko ndiye kozama. Dimba lathu lili m'mbali mwa damulo, choncho tinali ndi chonamizira. Tinalawirira m'mawa mwake kuti tikafike anthu asanayambe kuthirira, poti nkhalamba ikapezeka ikusamba m'damu, dzuwa lisanalowe mudzi wonse wati ndi mfiti. Mkati mwa diresi ndinavala kabudula wawo wakale wa khaki.

Kunali chisanu cha Juni chenicheni, chija chimaumitsa masamba a nyemba. Udzu unali mbuu, zala zosapindika. Titafika tinapeza damu lonse likufuka nthunzi ngati wina walitereka pamoto.

"Taonani!" ndinatero mokondwa. "Akufuka. Ndiye kuti ndi ofunda."

A Vinsenti anapinda mkono wa jekete n'kuviika chigongono, monga timachitira poyesa madzi osambitsa khanda. "Ee, ndi ofundadi," anatero modabwa. Sananame, chifukwa m'mawa wotero mpweya umazizira kuposa madzi, ndipo khungu louma ndi chisanu chilichonse limachimva kufunda. Ife zimenezo tikanazidziwira kuti? Ndinavula nsapato n'kulowa kumalo osaya kuja mpaka m'mawondo. Poyamba zinali bwino ndithu. Kenaka kuzizira kunalowa m'mafupa, kunakwera msana mpaka m'mano. Ndinatuluka ndikudumphadumpha ngati ndaponda linthumbu.

Ndinadwala chimfine choti mawu anatheratu, ndipo mudzi unapumako. A Vinsenti ankandiphikira madzi a mandimu ndi masamba a bulugama, uku akugwedeza mutu.

"Mwaona? Tidikire madzi afunde. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mawu amenewo ndinawamva mpaka kundituluka m'mphuno. Julaye anabwera ndi chiperoni chake, mvula yowazawaza yosanyowetsa munda koma yonyowetsa munthu, phiri osaoneka masiku angapo. Pamenepo ngakhale ine sindikanatsutsa kuti damu silolowamo. Koma kukhala chete ndinakana, choncho aphunzitsi anga anati tiyambire m'nyumba. Ankatseka chitseko, kuyala mphasa, ine n'kugona chafufumimba.

"Ngati chule, mayi! Pindani, tambasulani! Manja azikankha madzi. Osati choncho, mukukhala ngati mukupalasa moto!"

"Inuyo bwanji osagona pano mundionetse?"

"Mphunzitsi sakhala pa desiki."

Tsiku lina mayi wina woyandikana nafe anakankha chitseko kudzabwereka sefa, n'kundipeza ndikupalasa mphasa, amuna anga ataima pambali ndi kamtengo m'manja. Ndinamuuza kuti ndi mankhwala a msana amene anandiuza a kuchipatala. Sabata isanathe ndinamva kuti nayenso wayamba, ndipo akuti msana ukumva bwino.

Phunziro lachiwiri linali la beseni. A Vinsenti ankatenthetsa okha madzi, kuwayesa ndi chigongono chawo chija, n'kuika beseni pa tebulo. Ine ndinkaviika nkhope yonse, maso otsegula, osapuma, iwo akunena Tikuoneni Maria mokweza kuti tione pamene ndilekezere. Masiku oyamba ndinkavuuka asanafike n'pakati pomwe, madzi ali chuchuchu m'mphuno. Pang'onopang'ono ndinazolowera mpaka ndinkafika pa Amen. Koma ndinazindikira kanthu kena. Ndikakhalitsa m'madzimo, pemphero lawo linkathamanga ngati munthu amene minibasi ikumusiya, ndipo ndikadzutsa mutu ndinkapeza dzanja lawo lili kale m'malere pafupi ndi khosi langa, lokonzeka kundikoka. Ndinawaseka, koma usiku wake ndinawapatsa ntchafu zonse ziwiri za nkhuku.

Ogasiti anafika ndi mphepo ndi fumbi. Tikapita kodzathirira kabichi, a Vinsenti ankatsikira kudamu ndi nkhope ya dokotala, kugwada, kuviika chigongono, kuyang'ana kumwamba, n'kupukusa mutu.

"Sanafunde."

Mu Sepitembala mitengo ya m'phiri inaphuka masamba ofiira, majuzi tinawabwezera m'sutikesi, ndipo ana a sukulu anayamba kusewera m'madzi kumalo osaya kuja akaweruka. Ndinawalozera anawo.

"Ana ali ndi magazi otentha," anatero. "Kwa munthu wamkulu sanafunde."

Ndinalimbikira mpaka anagonja theka. Masana, anthu akapita kokadya, ankandimanga chitenje m'chiuno, iwo n'kugwira nsonga yake ataima pamtunda ndi majombo awo, ine n'kulowa ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinafika m'mawondo, kenaka m'ntchafu, tsiku lina mpaka pamchombo. Madzi akangokhudza mchombo, chitenje chinkakoka.

"Basi, zakwana lero. Mawa."

Mawa, mawa. Jenifa akaimba ankandiuza za miyendo yotupa ndi za kamwana kamene kakumenya mateche m'mimba, ndipo za apongozi ake sankazitchulanso, kusonyeza kuti nkhaniyo inatha kale. Ndikanati chiyani? Kuti amayi ako tsopano amatha kusambira pamphasa? Ndipo miyezi yonseyi buluku la aphunzitsi anga linali lisananyowepo ngakhale kumpendero.

Okutobala anabwera ndi dzuwa loswa mtengo. Nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Damu linaphwa kumtunda kuja, kunatsala matope ong'ambika ndi mapazi a ng'ombe, madzi onse n'kuunjikana kuchikhoma. Tsiku lina masana a Vinsenti anaviika chigongono, anayang'ana kumwamba monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinaona milomo yawo ikukonzekera mawu aja. Mtima unandipsa.

"Mukangoti sanafunde, lero mudya kwa alongo anu. Afunde bwanji kuposa apa? Mukufuna awire? Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo. Mwezi wamawa mwana akuchira, ine ndidakali pachingwe ngati mbuzi. Tandiuzani zoona, kodi za ku Linthipe zija zinachitikadi, kapena munkangoonerera anzanu muli pamwala?"

Mawu amenewo anawabaya, ndinaona. Anaimirira, kuvula majombo, kuvula malaya n'kuwapinda bwinobwino pamwamba pa kheni yothirira, n'kuyamba kuyenda kulowera kuchikhoma. Ndinawatsatira. Kunali zii, anthu onse ali m'mithunzi kumudzi. Anagwada pamiyala n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono.

"Bwerani muyese nokha."

Ndinapisa langa. Anali ofunda ngati madzi amene atsala m'ketulo tiyi atamwedwa. Tinayang'anizana n'kugwirizana kuti afundadi. Tonse awiri tinayesa mmene timayesera ndowa, poti m'ndowa madzi a pamwamba ndi a pansi ndi amodzi.

"Penyetsetsani," anatero. "Ndichita kamodzi kokha."

Anadziponya chafufumimba, khuvu! Ndipo anthuni, anasambira. Kasambiridwe kawo kanali ka galu, mutu uli m'mwamba, manja akupalasa pansi pa chibwano, madzi akuthovoka kumbuyo, koma ankapita ndithu. Nkhalamba yanga ya imvi, nthiti zowerengeka, ikuyandama pamadzi ngati kamnyamata koweta ng'ombe. Ndinawakonda nthawi imeneyo kuposa tsiku la ukwati wathu. Ndinaomba m'manja, kamfuu ka nthungululu n'kundipulumuka.

Nthungululuyo ndi imene inalakwitsa. Atamva, anafuna kutembenuka kuti andione ndi kundiuza kanthu. Anasiya kupalasa n'kutsitsa miyendo pansi kuti aime, monga ankachitira mumtsinje wawo uja. Nkhope inasintha pomwepo. Kukamwa kunatseguka ngati wina wawamenya chibakera pamimba.

"Mwendo! Mayi, mwendo!"

Anamira, anatumphuka, anamiranso. Sanali patali, mwina ngati kuchoka pakhomo kufika pankhokwe, koma kwa ine kunali kutsidya kwa dziko.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndimangokumbuka miyala yoterera kumapazi, ndi manja anga akumasula chitenje. Madzi anafika m'mawondo, m'chiuno, pamchombo, ndipo panalibe wondikoka kuti zakwana. Atafika pachifuwa, mapazi anga anaponda chinthu china. Kunali kuzizira kuja kwa tsiku loyamba, kolowa m'mafupa, kutabisala pansi pa madzi ofundawo. Mpweya unandithera, miyendo inafuna kukana monga inakanira ku Chipoka. Ndinaikalipira mokweza ngati ndikukalipira ana, ndipo inamva.

Madzi ali m'khosi ndinaponya nsonga ya chitenje. Inagwa pafupi, dzanja lawo linaphonya. Ndinakokera mpweya n'kupondanso kutsogolo, madzi n'kundikwirira mutu wonse. Munali mobiriwira, mopanda phokoso. Ndinatsegula maso monga m'beseni muja. Ndinaona mkono wawo ukupalasa, ndipo ndinakankhira chitenje komweko mpaka ndinamva chakoka. Pamenepo ndinayamba kubwerera chafutambuyo, zala za kumapazi zikukumba pakati pa miyala, phazi limodzi, linzake, mpaka mphuno yanga inatulukira kunja. Ndinakoka ngati ndikukoka ng'ombe yogwera m'dzenje.

Tinagwera pamiyala yotentha tonse awiri. A Vinsenti anasanza madzi, kutsokomola, kusanzanso. Ankanjenjemera padzuwa la Okutobala ngati tili pakati pa chiperoni. Akatumba a mwendo wamanzere anali gwa ngati mwala, ndipo ndinawasisita mpaka anafewa, uku ndikuwatukwana ndi mawu onse amene ndimawadziwa, misozi ikugwera pamwendo womwewo.

Mpweya utabwerera anati, "Pamwambapa pali Okutobala, koma pansipo pakadali Juni."

Tinayang'ana madziwo. Anali phee, akunyezimira, osalakwa. Dzuwa la miyezi yonseyi linali litangofunditsa kapamwamba kokha, mwina kufika m'chifuwa mwa munthu, pansi ponse kusiya mmene chisanu chinapasiyira. Mtsinje wawo wa ubwana unali wosaya ndiponso woyenda, madzi ake osakanikirana. Za damu lozama analibe nazo chidziwitso, monganso ine.

"Mayi a Jenifa," anatero osandiyang'ana, "madzi aja anafunda kalekale kumalo osaya kuja. Ndinkadziwa. Tsiku lililonse popita kukayesa ndinkapempha Mulungu kuti ndikawapeze ozizira. Ndinkati mukalowa n'kumira ine ndikuona, nditani? Nyumba ija ndikhalamo ndi yani?"

Ndinafuna kuwakalipira chifukwa cha miyezi imene ananditayitsa, koma mkwiyo sunabwere. Ndinangowafunditsa malaya awo pamapewa.

Kenaka m'mutu mwanga munawala. Ndalowa! Munthu wamira pamaso panga, ndipo ine Veronika ndalowa mpaka kusowa n'kumutulutsa. Kusambira kwenikweni sindinadziwebe, koma zimene Jenifa ankaopa si zimenezo. Ankaopa mayi woima pamchenga. Ndinafuna kuthamangira kunyumba ndi zovala zonyowazo kukatenga foni.

"Koma chinthu chimodzi ndikupempheni," anatero a Vinsenti, mawu ali pansi. "Izi zithere pompano. Asamve munthu, ngakhale ana. Ine ndine wapampando wa mphakati. Pabawo paja nkhani ya Linthipe aliyense amaidziwa. Akamva kuti ndinavuulidwa ndi mkazi wanga, ndi chitenje, m'damu lothirira kabichi, ndidzayenda bwanji m'mudzi muno?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti nkhani imeneyi ndi yokhayo ndili nayo, kuti popanda iyo ku Chipoka sindipita. Koma ndinawayang'ana. Anali atakhala chogwira mawondo, tsitsi la imvi litamatirira kumutu, ndere ili pakhutu, maso ofiira ngati mwana wolakwa. Munthu ameneyu analowa m'madzi amene ankawaopa chifukwa cha pakamwa panga. Akanafa chifukwa cha ine.

"Zathera pompano," ndinatero.

Tinadikira zovala ziume, tinathirira kabichi, n'kubwerera kumudzi ngati anthu ochokera kudimba. Masiku otsatirawo ndinkagwira ntchito zanga mwakachetechete. Kachewere amene ndinapatula kuti ndidzapite naye kwa Jenifa ndinamusakaniza ndi wogulitsa. A Vinsenti anaona, ndipo pabawo sanapiteko sabata yonseyo.

Lamulungu tinapita kutchalitchi. M'mudzi mwathu netiweki imavuta, imagwira bwino pansi pa mtengo wa bulugama umene uli pabwalo la tchalitchi, choncho mapemphero akatha theka la mpingo limaunjikana pamenepo, aliyense foni m'mwamba. Foni yanga nayo inagwera m'ufa chaka chatha, ndipo simveka pokhapokha ikhale pa laudi. Zinsinsi za banja lathu zimayenda ndi mphepo.

Inalira tili pomwepo. Anali Jenifa.

"Amayi, ndimati ndikuuzeni kuti apongozi abwera sabata yamawa kudzayamba kukhala nafe. Masiku ayandikira." Kenaka anafunsa, "Simunakhumudwe, eti amayi? Mudzabwera kudzaona mwana akadzakhwimako."

Azimayi awiri amene anali pafupi anayang'ana kumbali mwaulemu, makutu ali tcheru.

"Ayi mwanawe, sindinakhumudwe. Asewere ndi munthu wabwino. Uwapatse moni."

Dzanja linatulukira paphewa panga n'kulanda foni. A Vinsenti anaigwira patsogolo pa kamwa ngati maikolofoni ya zolengeza, atavala jekete lawo la Lamulungu, anzawo a pabawo ataima pomwepo.

"Jenifa, ndine bambo ako. Tamvera bwino, usandidule. Lachiwiri lapitali ine ndinamira m'damu."

"Ababa! Mwati chiyani?"

"Ndati usandidule. Ndinamira kuchikhoma kuja, kozama. Ndinkadzionetsa kuti ndimatha kusambira, mwendo n'kukokana ndi kuzizira kwa pansi. Ndinamwa madzi ngati ng'ombe. Panalibe munthu wina aliyense. Amayi ako analowa."

Mafoni onse anatsika.

"Amayi?" anafunsa Jenifa. "Amayi analowa m'madzi? Mpaka pati?"

"Mpaka kusowa. Duku lokha ndi limene linkayandama. Anandiponyera chitenje ali pansi pa madzi n'kundikoka mpaka kumtunda. Chiyambire Juni akhala akuphunzira chifukwa cha mawu ako aja, ndipo amene ndinkawachedwetsa ndine, chifukwa cha mantha. Za ng'ona za ku Linthipe uiwale, kunalibe ng'ona. Koma izi ndikukuuzazi ndinaziona ndi maso anga, ndipo pakanapanda iwo bwenzi lero mukudya nyemba za pamaliro anga. Tsono iwe ukuti mwana wako sungawasiyire amayi amenewa?"

Wina kumbuyo anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Pafoni panamveka kufwenthera.

"Apatseni amayi," anatero Jenifa. Nditailandira anati, "Amayi, bwanji osandiuza?"

"Zinali za bambo ako, sizinali zanga zokha."

"Mubwere Lachisanu. Ndiwauza apongozi, amvetsa. Mubwere amayi, ndikukufunani. Ndinkakufunani chiyambire."

Foni itaduka, phokoso linabuka. Azimayi anandizungulira, wina akuimba nthungululu, wina akufunsa ngati za msana zija zinali zomwezi. Amuna nawo anawazungulira a Vinsenti. "Katswiri wa Linthipe! Ndodo ija munaiiwala kuluma?" Ndinadziwa kuti adzawaseka mpaka Khirisimasi, ndipo dzina latsopano adzawapatsa lisanalowe dzuwa. Iwo anaima pakati pawo akumwetulira mwamanyazi, chipewa akuchipotokola m'manja.

Ndinadutsa pakati pa anthuwo mpaka pamene anaima.

"Mwadziyalutsa, bambo," ndinanong'ona.

"Aseke," anatero. "Inu tiyeni mukasankhenso kachewere uja."

Chikwatirane sindinawagwirepo dzanja pagulu, poti ife a kale sititero. Tsiku limenelo ndinawagwira, pamaso pa akatekisiti ndi mpingo wonse, n'kuyamba nawo ulendo wa kunyumba. Dzanja lawo sanalichotse.